Msewu Umene Anauyeza ndi Benchi

Ine, Rozina Nyambalo, wa zaka 51, wochokera m'mudzi wa Ng'onzo, Mfumu Yaikulu Kanduku, boma la Mwanza, wokhala ku Kachiwaya kuno ku Boma, wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika, ndikunena izi:

Sindinaitanidwe, ndabwera ndekha. Mwana wanga Melvin, wa zaka 26, ali m'chitokosi mwanu muno kuyambira Lolemba, ati ndiye anagwetsa mpanda wa resitihausi ya a Kinsley Gomanjira tsiku limene tinkaika bambo ake m'manda. Bwana, mwandiuza kuti mukufuna za Loweruka zokha, ndi mayina a anthu amene anagwira nyundo. Ku Loweruka ndifikako. Koma nkhani ya mpanda uja sinayambe Loweruka, ndiye dzanja lanulo lipirire, ndiyambira pamene inayambira. Ndipo mulembe mmene ndikunenera, osandikometsera.

Ku Kachiwaya kuli msewu umodzi basi wolowera galimoto. Umachoka pa tala wopita ku boda n'kutsetsereka mpaka ku khwawa. Kutsidya kwa khwawa kuli phiri, kulibe potulukira pena. Msika, chipatala, manda, zonse zili kumtunda, ndiye wamoyo ndi wakufa yemwe amatulukira pakamwa pa msewu womwewo. Kale unali wotakata, malole ankapatukirana anthu akudutsa m'mbali ndi mitolo pamutu.

Tilinso ndi lamulo lathu lakale. Pamene anthu ankagawana mapuloti, nthawi imene kunadzaza othawa nkhondo a ku Mozambiki, akuluakulu anati pakati pa nyumba yako ndi ya mnzako uzisiya mpata woti bokosi la maliro lidutse. Mpata umenewo timautcha njira ya maliro. Lamuloli ndi la tinjira ta kuseri kwa nyumba, topita ku mjigo ndi ku dzala. Palibe ndi tsiku limodzi lomwe linakhalapo la msewu wa galimoto.

Amuna anga, a Langton Nyambalo, anali owotcherera zitsulo. Shedi yawo ili kumapeto kwenikweni kwa msewuwo, pafupi ndi khwawa. Ankapanga mageti, mawilibala, migwala ndi nyundo zoswera miyala. Anali munthu wa thupi, wamtali, mapewa ngati chitseko. Anyamata a kabaza akawaona akubwera ankanamizira kuti tayala laphwa.

Chaka chatha a Gomanjira anagula puloti ya pakamwa pa msewu n'kuyamba kumanga resitihausi yogonamo madalaivala a mathiraki opita ku Mozambiki. Pulani imene anapatsidwa poyamba inkati kutsogolo asiye bwalo loimikapo mathiraki a alendo awo, ndipo mpanda ukhale pa mzere umodzi ndi mipanda ya anzawo. Iwo bwalo lopanda kanthu linawapweteka m'maso. Anafuna kuti pa bwalopo amangepo zipinda zina, mpanda ulowe mumsewu, mathiraki azigona mumsewu momwemo. Kuti zimenezi zitheke panafunika kuti komiti ya mapuloti ndi misewu ya kwathu ku Kachiwaya ivomere kuti lamulo liwakhululukire. Tcheyamani wa komitiyo ndi a Matthew Sandalamu.

Msonkhano unachitika mu Meyi, Loweruka masana, pamsewu pomwepo. Ine ndinalipo. A komiti anachedwa kufika, ndipo pobwera anatulukira pa geti la a Gomanjira. Sindikunena kuti anadya chibanzi, poti sindinaone. Chimene ndinaona n'chakuti anatuluka akutokosa m'mano, ndipo kuseri kwa geti kunali chikopa cha mbuzi chachiwisi atachiyanika pa waya.

Tinapeza ataimika kale mathiraki awiri mumsewu, ogundana m'mbali. Umu ndi mmene madalaivala amagonekera galimoto zawo: amaimika awiriawiri, thanki kuyang'anana ndi thanki inzake, pafupi zedi, kuti akuba dizilo asalowetse ndi mkono womwe. Simungawauze kuti aime pa mzere umodzi, sangalole. A Sandalamu anakhoma zikhomo, n'kukoka chingwe posonyeza pamene mpanda udzadutse. Pakati pa chingwecho ndi thiraki panatsala kampata.

Ndiye anati: "Anthu inu, lamulo la Kachiwaya mumalidziwa. Bokosi likadutsa, ndiye kuti njira ilipo."

Anatuma anthu kukabwereka benchi ku tchalitchi. Analinyamula amuna awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, lopanda kanthu, n'kudutsa nalo pa kampata kaja akuseka. Wina anayimbako ndi nyimbo ya maliro mwachipongwe. A Sandalamu anaomba m'manja n'kunena kuti, "Benchi ladutsa, bokosi lidutsa."

Amuna anga anakweza dzanja. Anati, "A tcheya, nanga ambulansi?"

A Sandalamu anati, "A Nyambalo, ambulansi imabwera kangati ku Kachiwaya? Mathiraki amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo tomato wa akazi anu omwewa amadyedwa ndi madalaivala."

Amuna anga anati, "Chabwino. Koma bokosi langa ine, ndi mapewa awa, lidzadutsa pamenepo?"

Anthu anafa nacho chiseko. A Sandalamu anawagwira paphewa nati, "Inu ndi chitsulo, simufa lero kapena mawa. Tsiku lanu likadzafika, ndidzakudutsitsani ndekha." Mawu amenewo mulembe momwemo, osachotsa kanthu, chifukwa anawamva anthu odzaza msewu.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Mwatiyezera potulukira akufa, nanga odwala mwawayezera pati?" Anandiyankha kuti nthawi ya mafunso yatha. Kenako a Gomanjira analonjeza kuti aika babu lalikulu pa mphambano kuti tiziyenda mowala, ndipo anthu anakweza manja ngati ana a sukulu. Ife amene tinakana tinali ochepa. Ku maofesi a boma mapepala anayenda bwanji, sindikudziwa. Ndimangodziwa kuti mvula isanagwe mpanda unali utaima, ndipo babu lija linapsa mwezi womwewo, mpaka lero lili pomwepo lakuda.

Mmisiri amene anamanga mpandawo anatsata chingwe, koma mapilala anawatulutsira kunja, kumbali ya msewu. Kampata kaja kanachepanso. A komiti sanabwerenso ndi benchi lawo kudzayeza.

Kuyambira pamenepo galimoto kwathu inasiya kufika. Amuna anga akamaliza geti ankalisenza ndi Melvin mpaka pa tala. Matumba a chimanga, malata, simenti, zonse pamutu. Anapita kangapo kwa a Sandalamu kukadandaula. Tsiku lina ndinapita nawo. A Sandalamu sanatipatse ndi mpando womwe. Anati, "Munkalira chitukuko inu nomwe. Walira mvula walira matope." Tinabwerera choncho, ine ndikutukwana njira yonse, amuna anga akundiletsa kuti anthu akumva.

Tsopano Lachinayi la sabata yatha. Inali cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndikusankha tomato pakhonde kuti ndipite kumsika. Amuna anga ankadula chitsulo ndi gulayinda mu shedi. Ndinamva phokoso ngati mbale yasweka, kenako Melvin akukuwa kuti, "Amayi! Amayi, bwerani!" Nditalowa ndinapeza chimbale chodulira cha gulayindayo chasweka, chidutswa chawatema mkati mwa ntchafu. Magazi sankachita kudontha, ankathamanga.

Melvin anamanga ntchafuyo ndi mphira wa chubu, ine ndinavula chitenje n'kutsindikira pa balapo. Mayi Julieta, oyandikana nafe nyumba, anaimba foni ku chipatala. Amuna anga anali akulankhula bwinobwino. Anandiyang'ana nati, "Mayi a Melvin, zimitsani swichiyo, mayunitsi akutha." Ndinawakalipira kuti akhale chete.

Ambulansi ndilibe nayo mlandu. Inabwera msanga, tinaimva ikulira kuchokera ku tala. Ndinawauza amuna anga kuti, "Limbani, yafika." Koma kulira kuja sikunayandikire. Kunangokhala pamodzimodzi, kumtunda, n'kuyamba kusakanikirana ndi hutala. Tinadikira, poti munthu wotaya magazi chotero sumamudzutsa wamba. Titaona kuti palibe chikubwera, Melvin anathamangira kumtunda, ine dzanja lili pa bala.

Zimene anapeza kumeneko anandiuza ndi iye, ndipo zina ndinadziona ndekha nditafika. Mathiraki awiri anali mumsewu monga mwa nthawi zonse. Dalaivala wa imodzi anali atapita ku boda pa njinga yamoto kukakonzetsa mapepala, makiyi ali m'thumba. Wa inayo, dzina lake Horacio, wa ku Tete, anamupeza m'bafa. Anatuluka sopo ali kumutu, analiza injini nthawi yomweyo. Koma thiraki yake inali itagona masiku, mphepo ya mabuleki itatha, ndipo thiraki siyenda isanadzaze mphepo. Ankaponda mafuta, utsi tolo, galimoto osasuntha. Munthu ameneyo musamuvutitse. Pa anthu onse a pa mphambano paja, amene anachita manyazi ndi iye yekha.

Namwino ndi dalaivala wa ambulansi anatsika wapansi ndi machira. Namwino anamanganso bala, ndipo tinawagoneka amuna anga pa machirapo. Anawanyamula amuna asanu ndi mmodzi, atatu uku atatu uku, chifukwa thupi lija anthu awiri sakanalitha. Tinakwera chitunda chonse, ine ndili pambali ndagwira dzanja lawo. Anali akundifinyabe zala.

Titafika pa kampata kaja, a m'mbali sanathe kulowa. Panafunika kuti onse asiye, atsale awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, monga ankanyamulira benchi. Horacio anadumpha m'thiraki n'kugwira kutsogolo, Melvin kumbuyo. Analowa. Pakatikati machira anakola pilala, anapendekeka, amuna anga anatsetsereka n'kugunda mpanda, ndipo zomanga zija zinamasuka. Namwino anali kumbuyo kwa Melvin, analibe podutsira. Anachita kukwawa pansi pa ngolo ya thiraki, yunifolomu yoyera ija m'mafuta, kuti awafikire n'kumanganso. Ine ndinali kunja kwa kampatako, ndikungoona mapazi awo, utsi wa injini ukutipsereza m'maso. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. A Gomanjira anaima pa geti lawo, manja m'thumba.

Kuchokera pamenepo amuna anga sanalankhulenso. Pamene ankatseka chitseko cha ambulansi, thiraki ya Horacio inafwenthera mphepo n'kuyamba kuyenda, yopanda ntchito. Anamwalira akuwatsitsa pa chipatala. Adokotala anati magazi anatayika ambiri. Ine si dokotala, sindinganene kuti akanachira. Ndikunena kuti ambulansi ikufika pa mphambano, munthu uja anali akudandaula za mayunitsi.

Masana a tsiku lomwelo, pobwerera ku chipatala, tinadutsa pa kampata kaja. Magazi anali adakali pa pilala, ntchentche zili ng'waa. Melvin anamenya mpanda ndi chibakera n'kunena kuti, "Mpanda uwu ndidzaugwetsa ndi manja angawa." Ananenadi, sindikubisa. A Gomanjira anamva, mlonda wawo anamva. Ndiwo mawu amene amutsekeretsa. Koma bwana, mwana amene wanyamula bambo ake n'kuwagwetsa, mumati anene chiyani? Athokoze? Ine ndinanena zoposa pamenepo, zimene simungalembe pa pepala la boma.

Lachisanu anthu anaika masamba pamsewu monga timachitira pa maliro. Horacio anali atapita, koma madzulo pa malo pomwepo panalowa mathiraki ena awiri, anaponda ndi masamba omwe. Mayi Julieta ndi akuluakulu a mpingo anapita kwa a Gomanjira kukapempha kuti Loweruka m'mawa mathirakiwo achoke kaye, maliro adutse. Mayi Julieta anabwerako atapsa mtima. Ati a Gomanjira anawayankha kuti madalaivala ndi alendo awo, sangawadzutse m'mamawa ngati akaidi, ndiponso njira ya maliro ilipo, a komiti anayeza.

Loweruka mwambo unayambira pakhomo. A Sandalamu anabwera atavala suti yakuda, ndipo monga tcheyamani anapatsidwa mpata wolankhula. Anati Kachiwaya wataya mzati. Anati Mulungu anapereka, Mulungu watenga. Asa! Ndikanakhala ndi mphamvu m'miyendo ndikanawalavulira. Za msewu sanatchule ndi liwu limodzi.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Bokosi linali lalikulu, lochita kupangitsa, poti okhoma kale onse anawachepera. Linali ndi zogwirira m'mbali. Inu mukudziwa mmene timanyamulira maliro: amuna atatu uku, atatu uku, ena akuyenda m'mbali kudikira kulandira mnzawo akatopa, osaima, osatula pansi. Kutsogolo kunali amayi a ku tchalitchi akuyimba. Ine ndinali pambuyo pa bokosi, Melvin atandigwira.

Pa mphambano mathiraki anali pomwepo, madalaivala onse awiri atalawirira ku boda. Amayi oyimba anadutsa mmodzimmodzi. Bokosi litafika, chogwirira chinagunda pilala, mbali inayo chinagunda thiraki. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso. Linakana. Ngakhale onyamula onse akanachoka, bokosi lokhalo silikanalowa. Nyimbo inazima. Anthu odzaza msewu wonse mpaka kumunsi anangoima padzuwa, amuna anga ali m'mwamba pa mapewa a anzawo.

A Sandalamu anabwera kutsogolo akupukuta thukuta. Anayang'ana uku ndi uku, nati, "Tilipendeketse pang'ono, lilowa cham'mbali."

Mayi Julieta anakuwa kuti, "Munthu wamkulu mukufuna mumugubuduze ngati thumba la makala? Mulibe manyazi inu?"

Pamenepo a Gomanjira anasuzumira pamwamba pa geti lawo n'kunena kuti, "Likwawitseni pansi pa ngolo, pali malo okwanira." Ananena poyera, ngati akulangiza anthu onyamula matabwa.

Ine ndinati, "A Sandalamu, munalonjeza pamsewu pompano kuti mudzawadutsitsa nokha. Awa afika. Adutsitseni." Ankayang'ana nsapato zawo.

Nditanena zimenezo mphamvu zinandithera, ndinayamba kugwa. Melvin anandigwira kumbuyo ndi manja onse awiri, m'mikono umu. Onani, bwana, ndikupinda malayawa, onani mabala akudawa. Izi ndi zala zake, zinayi uku, zinayi uku. Sanandisiye kuyambira pamenepo mpaka kumanda. Ankalira pakhosi pangapa, misozi yake ikutsikira m'bulauzi mwanga. Munthu ali ndi manja awiri. Ngati onse anali pa ine, nyundo anaigwira ndi chiyani? Ndi mano?

Patapita kanthawi ndinamva wilibala ikulira kuchokera kumunsi, zitsulo zikugundana mkati. Anthu ankaipatukira. Inali wilibala ya ku shedi kwathu, ndinaidziwa kulira kwake, itadzaza migwala ndi nyundo zimene amuna anga anapanga kuti agulitse. Amene ankaikankha sindinamuone. Amayi anayambanso nyimbo, mokweza kuposa poyamba, ndipo nyundo yoyamba inalira pa pilala lomwe lija la magazi.

Mukundifunsa kuti anali ndani. Ndinaona misana. Ndinaona fumbi. Maso anga anali otupa ndi kulira kwa masiku atatu, ndipo amuna onse pa maliro amavala zofanana. Ndinganene kuti anali ambiri, ndipo ankalandirana nyundo monga amalandirana bokosi. Ena mwa iwo mwina ndi omwe aja anakweza manja chifukwa cha babu. Palibe amene anatukwana, palibe amene anamenyedwa, palibe amene anakhudza mathiraki kapena zipinda. A Gomanjira anali akukuwa kuti aitana apolisi, koma nyimbo inawaphimba. Ngati mukufuna ndinene mmene ndinamvera mumtima, lembani kuti ndinakondwa. Pa tsiku loika amuna anga, ine ndinakondwa, Mulungu andikhululukire ngati akufuna.

Nthawi yonseyo bokosi silinatulidwe pansi. Onyamula ankasinthana pomwepo. Mpanda utangogwa, bambo wina amene anali pa ngodya ya kutsogolo anatembenuka nati, "A tcheya, tilandireni." A Sandalamu anali ataima pomwepo. Inu mukudziwa kuti mwamuna sakana bokosi, anthu onse akuona. Anayang'ana kumbuyo, kunalibe kothawira. Analowetsa phewa.

Ndiye mulembe ichi bwinobwino. Munthu woyamba kuponda njerwa zakugwazo n'kulowa m'bwalo la a Gomanjira anali a Matthew Sandalamu, tcheyamani wa komiti, atasenza amuna anga. Palibe amene anawalandira. Amuna amene ankayenda m'mbali anangopinda manja. A Sandalamu anadutsa nalo bokosilo bwalo lonse, suti ili mbuu ndi fumbi, anatulukira pa geti lalikulu mpaka pa tala. Kumeneko ndi kumene wina anawachitira chisoni. Kumanda sanafike, anapatukira kwawo. Lonjezo lawo anasunga, pokhapo sindiwanamizira.

Tinaika maliro madzulo. Lamulungu abale a ku Kanduku anakhala pansi n'kugwirizana kuti kumeta kuchitike Lolemba m'mawa, kuti a kutali abwerere. Lolemba lomwelo, lumo lisanamukhudze Melvin, anzanu anafika kudzamutenga. Galimoto yanu inalowa mpaka pakhomo pathu, inadutsira pomwe panali mpanda paja. Chitsirizireni mpanda uja, imeneyo ndiyo galimoto yoyamba kufika kwathu. Tonse tinameta, mutu wangawu mukuuona. Mwana yekhayo wa malemu ndiye ali muno ndi tsitsi la maliro, ndipo amalume ake akukana kubwerera kumudzi mwambo usanathe.

Dzulo a Gomanjira anabwera kunyumba ndi paketi ya shuga, ati kudzapepesa maliro. Anakhala pa mpando wa amuna anga osauzidwa. Anati iwo si munthu woipa, ndipo Melvin angathe kutuluka lero lomwe. Chofunika n'chakuti ine nditchule anthu amene anagwira nyundo, anthuwo amangenso mpanda pamalo pomwe unali, nkhani ithe. Ndinawafunsa kuti, "Pomwe unali?" Anati eya, pomwe a komiti anavomereza. Amadziona ngati khoswe wa pa mkhate, woti palibe angamuponyere mwala. Ndinawauza kuti adzuke pa mpandopo. Shuga wawo ndinawaponyera pamsewu, ngati akudandaulanso za ameneyo, mlanduwo ndi wanga, muulembe padera.

Anthu amene anandidutsitsira amuna anga mwaulemu sindingawagulitse ndi mwana wanga, ndipo Melvin atamva kuti ndachita zimenezo sangadzandiyang'anenso kumaso. Komanso mwana wanga sangagone muno chifukwa cha mawu amene ananena magazi a bambo ake ali m'manja. Amene anayeza msewu ndi benchi ali kwawo, akumwa tiyi. Amene anati bokosi likwawe pansi pa thiraki ndiye mwamulemba kuti wodandaula. Wogwira mayi ake kuti asagwe ndiye wakuba nkhuku wanu. Mumutulutse akamete.

Mwati fayilo siyingatsekedwe popanda dzina, ngakhale limodzi, la amene anayambitsa. Chabwino, ndikupatsani, konzani cholemberacho. Woyamba kunena kuti pamenepo sipadutsika anali iye. Nyundo ndi migwala zonse ndi zake, mukaziona zili ndi zilembo zake zowotcherera pa mpini. Mapewa amene anakana kulowa ndi ake. Anthu onse aja anabwera chifukwa cha iye, ndipo mpanda utagwa anadutsapo ali chigonere, osapepesa. Lembani Langton Nyambalo. Ali ku manda a kutsidya kwa tala, mzere wa kumapeto, pa dothi lofiira latsopano. Sathawa. Pitani ndi galimoto yanu yomweyo, kumeneko msewu ndi wotakata, mukafika mpaka pamutu pake.

Zimene ndikudziwa n'zomwezi. Mwandiwerengera, ndamva, ndipo palibe liwu limene ndikubweza.

Wopereka umboni: Rozina Nyambalo ..............................

Wolemba umboni: ..............................